Thandala la Atate, Dzina la a Sakala

Lolemba, 7 Epulo 2025

Andisankha ine. Osati alangizi a zaulimi, osati mlembi wa kalabu uja amalemba ngati nkhuku yapalasa. Ine Felicia Mbewe, mphunzitsi wa giredi 4 kuno ku Pembamoyo. Amayi Elinata, apampando a kalabu ya alimi a nshawa, anangonena pagulu kuti, "Chizungu munaphunzira, Chichewa munayamwa. Tilembereni kabuku." Ndinavomera asanamalize.

Kabuku ka masamba anayi. Nkhani yake: kuumitsa nshawa kuti zisagwire chuku. Chaka chatha ogula anabweza matumba a anthu ambiri, akuti nkhungu imeneyi ndi poizoni. Amayi ena analirira pa sikelo pomwepo.

Chionetsero ndi Lachisanu pa 2 Meyi. Kabuku kafike kwa wosindikiza ku boma pa 28 Epulo. Masabata atatu. Akwana, n'kutsalako.

Ndauza atate. Anali pansi pa mango, akusoka thumba. "Chabwino." Basi, mawu athera pomwepo. Ndiwo a Zakalia Mbewe amenewo. Chimwalirireni amayi, nyumba ino ndimalankhulamo ndekha, iwo n'kumagwedeza mutu.

Lachitatu, 9 Epulo

Netiweki ili pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Ndakhalapo kuyambira 2 koloko mpaka nyerere zitandizindikira.

Koma ndapeza! Tsamba la pa intaneti la anthu ofufuza za ulimi. Lipoti la chaka cha 2017, masamba makumi anayi, lonse la kaumitsidwe ka nshawa kuno kum'mawa. Anayesa njira zisanu. Kuyanika pansi, kuyanika pa denga, zina ndi zina. Yopambana: thandala la miyendo itatu, nshawa zoloza m'kati, masamba kunja, mphepo n'kumadutsa pakati. Ndaseka ndekha. Atate amamanga lotero chaka chilichonse, anthu n'kumati ndi zachilendo za ku Mozambiki.

Pansi penipeni pa tsambalo pali malamulo a momwe munthu angatengere zinthu zawo. Timalemba ting'onoting'ono. Ndinkaopa kuti anena za kulipira. Ayi ndithu. Tengani mwaulere, akutero. Koperani, masulirani, gawirani anthu. Koma musagulitse. Ndipo mutchule amene analemba, chaka, mutu wa lipoti, ndi adiresi ya tsamba. Mukasintha kanthu kapena kumasulira, munene poyera kuti mwasintha ndinu, kuopa kuti zolakwa zanu zingagwere iwo. Lamulo lomaliza ndi la zithunzi: chithunzi chisadulidwe, ndipo mawu a pansi pake apite nacho momwe alili, dzina lililonse osasintha.

Malamulo aulemu. Ndawakonda. N'zomwe ndimawauza ana anga a giredi 4 tsiku ndi tsiku: ukabwereka rula, nena mwini wake. Ndawakopera m'buku muno kumapeto.

Zithunzi zakana kutseguka. Timabokosi totuwa tokhatokha. Mawa.

Lachinayi, 10 Epulo

Chithunzi cha pa tsamba 17 chatseguka pang'onopang'ono, kuyambira kumwamba. Nthambi za mango. Nsonga za mitengo itatu zomangidwa ndi luzi. Kenako chipewa. Chipewa cha chigamba chofiira chimene anasoka amayi.

Ndinakuwa pa chulu ngati wolumidwa. Ndi atate! Afulatira, koma msana wa atate ako sungausokoneze. Dzanja lamanzere, chala chaching'ono chopindika chija. Munda wathu. Ngakhale thadzi lathu lamawanga, lija linagwidwa ndi mphamba, lili m'menemo pansi pa thandala. Atate anga pa intaneti, dziko lonse likuwaona, ndipo njira yawo ndiyo yaposa zonse. Ndinavina pang'ono, ndisaname.

Kenako mawu a pansi. Ndawawerenga katatu. "Thandala lomangidwa ndi Bambo Fulansisi Sakala, mlimi wa ku Chadiza."

A Sakala. Oyandikana nafe. Tate wanga wa ubatizo. Munthu amene nshawa zake zimauma pansi, mbuzi zikudya mbali ina, chiswe mbali ina. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina.

Ndiye lamulo lija ndinalitamanda dzulo likuti mawu apite momwe alili. Kutanthauza kuti ine, ndi dzanja langali, ndilembe dzina la a Sakala pansi pa msana wa atate anga, ndi kugawira anthu mazana awiri. Walira mvula walira matope.

Sindilemba. Dzanja lithyoke.

Pansi pa malamulo pali adiresi ya imelo. Ndawalembera ndili chiimire, mtima ukuwira. Ndawauza kuti inu mumafuna kutchulidwa mayina anu onse asanu ndi chaka chomwe, koma mlimi mwam'patsa dzina lotola panjira. Ndawauza kuti chimenecho ndi kuba kovala tayi. Ndatumiza. Chizungu changa chimatuluka bwino ndikapsa mtima.

Atate sindinawauze kanthu.

Lamlungu la Kanjedza, 13 Epulo

Sukulu tatsekera. Nthawi yonse ndi ya kabuku tsopano.

Ku tchalitchi a Sakala patsogolo pa mdipiti, kanjedza m'mwamba, mawu ngati ng'ombe yaimuna. Anandipatsa moni, "Aphunzitsi athu!" Ndinayankha ndi mphuno. Pa tsiku loyera lotere. Ndikalapa Lachisanu.

Titatuluka ndinaonetsa amayi Elinata chithunzi pa foni. Anachiyang'ana, nandiyang'ana ine. "Ingofufutani, mulembepo a Mbewe. Adzakuonani ndani? Anthu a ku Lusaka adzakwera chulu chathu?"

Ndaganizira njira yonse yobwerera kunyumba. Zoona, palibe angaone. Koma ndikasintha mobisa, wosokoneza zinthu za eni ndikhala ine, ndipo adzati mwana wangokwezera bambo wake. Komanso timabuku tathu ndi mazana awiri okha. Tsamba lija limawerengedwa ndi aliyense, chaka ndi chaka, ndipo aliyense womvera malamulo adzakopera a Sakala, a Sakala, a Sakala. Ayi. Likonzedwe komweko kumene likuchokera. Likakonzedwa, ndidzakopera mawu momwe alili, mutu uli m'mwamba.

Masiku khumi ndi asanu.

Lachiwiri, 15 Epulo

Ayankha. Mayi wina dzina lake Prudence. Ndi dokotala wa zaulimi tsopano, koma mu 2016 anali wophunzira, ndipo chithunzicho anajambula ndi iyeyo. Akukumbukira mango, akukumbukira kuti anam'patsa nshawa zophika.

Watumiza chithunzi cha kope lake la nthawi imeneyo, ndi cha pepala la chilolezo. Akuti anafunsa dzina kawiri. Mwini thandala anayankha yekha kuti ndine Fulansisi Sakala, nadinda chala pansi. Chidindo chilipo, chooneka bwino.

Safunsa anadya phula. Ndakhala pa chulu nkhope ikutentha. Kuba kovala tayi! Ndinalemba zimenezo kwa munthu amene analemba zomwe anauzidwa. Ndapepesa. Kalata yopepesa yanditengera nthawi yaitali kuposa yotukwana ija.

Koma mayiyu ndi munthu. Sanakwiye. Akuti malamulo awo ali ndi mbali inanso imene sindinaiwerenge: dzina lolakwika limakonzedwa, ndipo amalemba poyera tsiku limene akonza. Akufuna makalata awiri. Ina ya munthu ali pa chithunzi, yonena kuti ndine, dzina langa ndi ili, ndikulola lilembedwe. Ina ya amene anatchulidwa molakwika, yovomereza. Popanda chilolezo cha mwini dzina sangalembe, ngakhale mwana wake alire motani. Anawonjezera m'Chichewa chothyokathyoka, "Mundipatsireko moni kwa atate."

Makalata awiri okha. Khomo latseguka. Funso latsala n'lakuti atate ananamiranji.

Lachitatu, 16 Epulo

Ndawaonetsa m'mawa, tikuzula nshawa m'munda wa kumtunda. Anatenga foni ndi manja awiri. Anayang'ana nthawi yaitali. "Thadzi lija," anatero. Za iwo eni, zii.

Ndinafunsa za dzina. Anapitiriza kuzula, akulankhula ndi nthaka osati ine. Lero ndamva mawu ambiri kuposa chaka chonse.

Akuti kwawo kutsidya, ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo, kunkabwera anthu ndi kope. Ankalemba mayina mwaulemu ndithu. Pakapita sabata kunkabwera ena ndi mfuti, kopelo lili m'manja, n'kumaitana mmodzimmodzi. Atawoloka malire ndi amayi anga mu 1987, a Sakala ndiwo anawapatsa malo ogona ndi kamunda. Ndipo anagwirizana: mlendo aliyense wobwera ndi kope, dzina lopereka ndi la a Sakala.

"Dzina likalembedwa limayenda, mwana wanga. Likayenda limakabwera ndi anthu."

Ndinati nkhondo inatha kalekale, ine ndili mwana. Ndinati mapepala anu ali bwino, muli nacho chitupa, palibe angakuthamangitseni. "Mapepala ali bwino," anatero. "Ine ndiye sindili bwino."

Akana. Akuti lisiyeni momwemo, a Sakala silikuwalemera.

Ndinakalipa. Ndinati ndiye mudzafa muli munthu wina? Mawu oipa. Atangotuluka ndinafuna kuwameza. Tazula mizere inayi osalankhulana.

Ndili ndi chisoni, komanso ndakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lachiwiri, 22 Epulo

Pasaka wadutsa. Ndinalapa zonse ziwiri, za mphuno ndi za m'munda.

Kabuku kakuyenda bwino kwambiri, ndidzitame ndekha poti palibe wina. Masamba makumi anayi ndawafinya mpaka anayi. Ofufuza akuti nshawa zitalikirane ndi nthaka masentimita makumi atatu. Ndani ali ndi tepi kuno? Ndalemba muyeso wa atate: thadzi lidutse pansi osawerama. Ndipo pomvera lamulo ndaika kamzere: "Tamasulira ndi kufupikitsa ndife a kalabu, muyeso wa thadzi ndi wathu, suli mu lipoti." Mayina asanu a olemba, chaka, mutu, adiresi, zonse zili kumapeto. "Kabukuka sikogulitsa," zilembo zikuluzikulu.

Tsamba lachitatu lokha lili ndi dzenje. Malo a chithunzi.

Masana ndinadzikoka kupita kwa a Sakala. Ndinakonzekera nkhondo. Nditawaonetsa anaseka mpaka kutsokomola, akazi awo kuchita kubwera ndi madzi.

"Dzina langa lagwira ganyu zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, osalandira kalikonse!" Akuti dzina lawo linabayitsa ng'ombe zimene alibe. Linayankha mafunso a anthu a zitsime. Ndipo chaka china mlangizi watsopano, atawerenga lipoti lomweli, anabwera pa njinga yamoto kufuna Bambo Sakala katswiri wa thandala. Anachita manyazi kukana. Anamanga. Mlangizi asanatulutse kamera, thandala linagwada ngati likulandira madalitso.

Ine ndimayesa akudya ulemu wa atate, pamene iwo akhala akusenza katundu. Ndinapepesa za Lamlungu lija. "Ndinaona mphuno," anatero. "Ndinati mwina chimfine."

Kalata alemba pomwepo, pa bondo, ndi siginecha ya michira itatu. Imodzi yatheka! Za atate akuti ndiwasiyire iwo.

Lachinayi, 24 Epulo

A Sakala abwera kumunda m'mawa, khasu paphewa. Khasu lathu, la mpini wa mlombwa, limene a Sakala anabwereka kalekale, amayi akadali moyo. Tinaliiwala.

Analiika pansi patsogolo pa atate mwaulemu wonse, ngati akupereka mphatso ku guwa. Ine ndili chapatali, ndikunamizira kumanga mitolo, makutu ali tcheru.

"A Mbewe, ndabweza khasu lanu. Lomba inunso mundibwezere dzina langa. Chobwereka chimabwerera, ndiwo mwambo."

A Sakala anapitiriza.

"Ndakalamba ine. Shuga, mawondo. Ndikatsogola, inu mudzakhala yani? Adzabwera a kope, mudzati ndine Fulansisi Sakala, iwo adzati tinaika dzana ameneyo. Mudzathamangitsa anthu, a Mbewe. Adzati mzukwa ukumanga thandala."

Mapewa a atate anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira. Ankaseka! Opanda mawu, koma kuseka ndithu, mpaka kupukuta m'maso ndi chipewa.

Kenako a Sakala anatsitsa mawu. Ndinangomva pang'ono. "Ndinakubisani nthawi yobisala. Yatha ija. Mwanayu akufuna aone bambo wake."

Atate anatola khasu, naliyang'ana mpini, nati lakalamba. Madzulo adya bwino, osatchula kanthu. Lilime likundiyabwa koma ndaliluma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku anayi.

Loweruka, 26 Epulo

Lero! Ndilembe bwinobwino, ndisaiwale kalikonse.

Dzuwa litangokwera, ndikuchapa, atate anabwera n'kukhala pa mwala. "Malamulo aja a anthu ako. Tandiwerengera." Ndinapukuta manja, ndinatenga buku lino, ndinawerenga m'Chichewa. Anati ndibwereze. Pa lamulo la kutchula anandiimitsa.

"Ndiye kuti wotenga aliyense ayenera kunena kumene watenga?"

Ndinati inde.

"Ngakhale mwini wake sakuona?"

Ndinati makamaka pamenepo.

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Anafunsanso ngati dzinalo lidzalembedwa pamodzi ndi mudzi ndi nambala ya chitupa. Ndinati ayi, dzina lokha ndi boma la Chadiza, ndipo tsiku lina akadzafuna kuti lichotsedwe, malamulo omwewo akulola. "Kope lija linalibe zimenezo," anatero.

Kenako: "Bweretsa pepala."

Ndinathamanga ngati kamtsikana. Kalata inali yolembalemba kuyambira sabata yatha. Ndinabweretsanso kabokosi ka inki yodindira kamene ndinabwereka ku ofesi ya sukulu. Ndinakatsegula, ndinagwira chala chawo chachikulu monga ndachitira ku chipatala, ku mavoti, kulikonse.

Anachotsa dzanja. Anakankhira kabokosi pambali. "Cholembera."

Ndinawapatsa ndili kakasi. Anachigwira bwinobwino, osati mogwirira khasu. Anayesa kaye m'malere kawiri. Kenako analemba, pang'onopang'ono, zilembo zopendekera zolumikizana, zokongola kuposa zanga: Zacarias Mbewe. Z wake wa mchira wotsikira pansi.

Atate anga amalemba. Zaka zanga zonsezi, ine mphunzitsi, ndakhala ndikuwadinditsa chala ndi kuwawerengera makalata mokweza ngati mwana.

Akuti anaphunzira zaka zinayi kwa ansembe kutsidya, ndipo ankalembera anthu a m'mudzi makalata. "Odziwa kulemba ndiwo ankayamba kuitanidwa," anatero. Atawoloka anangosiya. Amayi okha ndiwo ankadziwa.

Ndinalira, zovala zili m'beseni. Iwo anangoti sopo akuuma. Ndakwera chulu ndi makalata awiri, ndajambula, ndatumiza. Ndinatsika ndikuimba Aleluya wa Pasaka, mbuzi zikundiyang'ana.

Lolemba, 28 Epulo

Minibasi ya m'mawa kupita ku boma. Fumbi, nkhuku, thumba la munthu pa mwendo panga. Sindinadandaule.

Ofesi ya a Prudence Loweruka ndi Lamlungu satsegula, ndiye tsamba linali lisanasinthe. Wosindikiza, mayi wa kashopu ka pafupi ndi msika, anati makina akufunika ndi ena, ikakwana 3 koloko ndisanakonzeke ndidikire sabata yamawa. Ndinamuuza kuti asindikize masamba ena, lachitatu lidikire. Ndinali nditatsimikiza: tsamba lija likapanda kusintha, kabuku katuluka kopanda chithunzi. Dzenje ndi bwino kuposa bodza.

Ndinakhala pa benchi. Kutsegula tsamba, Sakala. Kudikira. Kutsegulanso, Sakala. Ndinagula chinangwa chowotcha, sindikudziwa ngati ndinachidya.

Itangokwana 2 koloko, imelo: "Taonani tsopano."

"Thandala lomangidwa ndi Bambo Zacarias Mbewe, mlimi wa ku Chadiza." Ndipo pansi pake, timalemba tating'ono: dzina lakonzedwa pa 28 Epulo 2025, mwa pempho la mwini wake.

Ndinaimirira pa benchi. Pa benchi penipeni, ine mayi wamkulu, mphunzitsi wa boma. Wosindikiza anati, "Mwawina chiyani, amayi?" Ndinati bambo anga.

Ndakopera mawu a pansi pa chithunzi momwe alili. Chilembo ndi chilembo, osasintha kalikonse, monga lamulo linenera. Sindinamverepo lamulo mokoma chonchi chibadwire. Timabuku mazana awiri, totentha, tonunkhira inki. Ndinatinyamula pamiyendo ulendo wonse, osalola kondakitala atiike pamwamba.

A Prudence apempha kabuku kamodzi. Akuti akufuna kukaika pa tsamba lawo, ndi dzina langa ngati womasulira. Ndawauza kuti malamulo anga ndi omwewo: atchule, asagulitse.

Lachisanu, 2 Meyi

Chionetsero. Anthu ochokera ku Zingalume pa ngolo ziwiri, a ku Mlolo pa njinga, ena wapansi. Bwalo la tchalitchi lodzaza.

Amayi Elinata anatsegula kabuku pa tsamba lachitatu, nakakweza m'mwamba, nawerenga dzina mokweza. "A Zakalia Mbewe, bwerani mutiphunzitse." Ndinaona atate akuuma pamene dzina linamveka pagulu. Dzina lawo, kuitanidwa kuchokera papepala. Anayang'ana uku ndi uku. A Sakala anawagunda ndi chigongono. Anaimirira.

Chipewa chomwe chija. Mitengo itatu, luzi, timitengo topingasa. Sanalankhule zambiri, manja ndiwo ankafotokoza. A Sakala anadzipatsa udindo wogwira mtengo, akulengeza kwa aliyense kuti, "Ine ndine katswiri wopuma pa ntchito." Mlangizi uja wa njinga yamoto analipo. Anaseka mpaka kukhala pansi.

Atamaliza, bambo wina wa ku Mlolo anafunsa kuti tidziwa bwanji kuti msinkhu wakwana. Amayi Elinata anawaza chimanga pansi pa thandala. Thadzi la akatekisiti linabwera, linalowa uku, linatulukira uko, mutu uli chilili. Nthungululu zake! Ngati ukwati.

Amayi ena achikulire a ku Zingalume, amenenso anachokera kutsidya, anagwira atate dzanja osalisiya. "Kwathu tinkamanga chonchi. Ndinayesa zinatsala komweko."

Timabuku tatsala khumi ndi tiwiri. Wina anafuna kugula tiwiri, ndinamuonetsa zilembo zikuluzikulu. Mapazi akuwawa, mawu atha. Ndapambana. Ndalemba, ndabwereza: ndapambana.

Loweruka, 3 Meyi

M'mawa. Ndawapeza pansi pa mango, timabuku totsala tili pa bondo, cholembera changa chofiira chochongera mayeso chili m'manja.

"Mwalakwitsa," anatero. "Iwe ndi anthu ako."

Ndinayesa asintha maganizo, akufuna lichotsedwe.

"Lamulo likuti wotenga anene kumene watenga. Ine thandala ili sindinalilote."

Ananditambasulira kabuku. Pansi pa mawu osindikizidwa, osakhudza chilembo chilichonse, awonjezera mzere wawo ndi zilembo zopendekera zija: "Ndinaphunzira kwa amayi anga, Olipa."

Olipa. Sindinalimvepo dzina limeneli m'nyumba muno. Ndikafunsa za kwawo ndili mwana, ankati kunalibe kanthu.

Akuti unali mwezi ngati uno. Nshawa zili pa thandala, zitatsala masiku ochepa kuti ziume. Anthu akuthawa. Amayi awo anati tsogolani, mbewu singasiyidwe, ndikupezani. Anawadikira pa malire masiku asanu ndi anayi. Atafika kuno sanalitchule dzinalo kwa aliyense wa kope, kuopa kuti lingayende n'kukawapeza. Nkhondo itatha anapita kukafunsa. Mudzi unali thengo.

"Ngati dzina limayenda," anatero, "ili liyende. Mwina lipeza wina amene anawaona."

Ndakhala pakhomo ndi buku lino. Dzulo ndimati ndamaliza. Ndikwera chulu, ndilembere a Prudence kuti pali kalata yachitatu. Lolemba ndipita ku Zingalume kwa amayi aja anawagwira dzanja, ndi kabuku ka mzere wofiira m'chikwama. Atate akupitiriza kulemba mzere uja, kabuku ndi kabuku, lilime lili pakona pa mlomo ngati mwana wa giredi 1. Afika kachisanu ndi chiwiri.

Akundiitana. Akuti cholembera chatha inki, ndibweretse china